Phunziro la ulimi: Chidikhidikhi, nthaka youma ya pansi pa mizere imene ikutidyera feteleza



Phunziro la ulendo uno talitenga kutali ndi madzi, kwa Mfumu Yaikulu Dambe m'boma la Mchinji, boma lochita malire ndi dziko la Zambia. Mwina wina afunsa kuti, "Nanga ife a ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, za ku Mchinji zikutikhudza pati?" Zikutikhudza pawiri. Poyamba, vuto limene tinakaliona kumeneko lili m'minda yathu yomwe, kungoti sitinakumbe n'kuliona. Kachiwiri, madzi ambiri a mvula yogwa ku Mchinji amathera mumtsinje wa Bua, ndipo Bua amadzathira m'nyanja kwathu kuno ku Nkhotakota. Zimene zachoka m'munda wa kumtunda zimadzatipeza pagombe.

Zimene tinaona kwa Dambe

Tinapita kukazonda m'bale wathu wina amene anachokera kunyanja n'kukakhazikika cha ku Kapiri. Unali mwezi wa February, nthawi imene chimanga chimayenera kukhala chobiriwira bii. Koma chake chinali chachifupi, masamba am'munsi achikasu, ndipo dzuwa likangowala masiku anayi chimayamba kupota masamba ngati kwachita ng'amba ya mwezi wathunthu. Munthuyo sanachite ulesi ayi. Anabzala ndi mvula yoyamba, anapalira pa nthawi yake, anathira thumba la feteleza wokulitsa ndi lina la wobereketsa, ndipo ndalama ya thumba lachiwirilo inali yangongole.

Atatilandira anati, "Abale anga, feteleza wa masiku ano ndi wabodza. Kale thumba limodzi limaoneka ntchito yake."

Ife tinapempha khasu. Tinakumba dzenje podula mzere umodzi. Dothi la mumzere linali lofewa bwinobwino, khasu limangolowa. Koma titafika pansi pa mzere, pamene khasu limalekezera chaka ndi chaka, linayamba kulira ngati tikumenya pakhonde lotsira. Mizu ya chimanga inafika pomwepo n'kuyamba kuyenda cham'mbali, yophwatalala, yopiringizana ngati ukonde wosakonza. Tinazulanso soya wa m'munda woyandikana nawo: muzu wake waukulu, umene umayenera kulunjika pansi, unali utapindika ngati mbedza.

Feteleza uja sanali wabodza. Analowa m'munda umene pansi pake panali potseka. Pajatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mzere umaoneka bwino pamwamba, koma nkhani ili pansi.

Kodi chidikhidikhi n'chiyani?

Nthaka yabwino si dothi lokhalokha. Pafupifupi theka la nthaka yabwino ndi timipata, ndipo m'timipatamo ndi mmene mumakhala madzi ndi mpweya. Timipata tikulutikulu timalowetsa madzi a mvula ndi mpweya, pamene ting'onoting'ono timasunga chinyezi choti mbewu izimwa mvula ikadula. Nthaka ikatsinjirika, timipata tikulutikulu tija ndi timene timayamba kutsekeka. Chotsatira chake ndi gawo louma gwa limene alangizi amalitchula kuti chidikhidikhi.

Chimabwera bwanji? Njira zake ndi izi.

Yoyamba ndi kalimidwe kathu ka mizere. Chaka chilichonse timagumula mzere wakale n'kuunga watsopano pamene panali khwawa. Khasu limafika pa msinkhu umodzimodzi, n'kumapala ndi kusalaza dothi la pansi pake. Dothi la pamwamba limasunthidwa, la pansi silikhudzidwa, limangopondedwa. Mizereyi inalimbikitsidwa kwambiri m'nthawi ya atsamunda, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, pa malamulo aja agogo athu amawatchula kuti malimidwe. Cholinga chinali kuteteza kukokoloka kwa nthaka, ndipo mizere yodula chitunda imathandizadi. Koma werengani nokha kuti khasu lamenya kangati pamalo amodzi kuchokera nthawi imeneyo. Akatswiri a kusukulu ya zaulimi ya Bunda, pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1997, anapeza gawo louma lotere pa masentimita pafupifupi 25 pansi pa mizere ya chimanga.

Yachiwiri ndi kuponda. Timayenda m'makwawa pobzala, popalira, pothira feteleza ndi pobandira, nthawi zambiri dothi lili lonyowa. Dothi lonyowa likapondedwa limagwirana. Amayi oumba mbiya ndi anyamata oumba njerwa akudziwa bwino zimenezi. Ng'ombe zodya mapesi, ngolo zolowa m'munda kukatenga zokolola, pulawo ndi thirakitala zolima pa msinkhu umodzi chaka ndi chaka, zonsezi zimawonjezera.

Yachitatu ndi kutha kwa zinyalala zowolerana. Tikamatentha mapesi posaka mbewa kapena pososa, timachotsa chakudya cha nyongolotsi ndi tizilombo tina timene timaboola nthaka. Nthaka yathu ya kotentha kuno imataya msanga zowolerana chifukwa kutentha ndi chinyezi zimafulumizitsa kuwola. Ikasowa zimenezi, dothi limaumbika msanga, ndipo madontho a mvula akamamenya pamtetete amapanganso kachikhungwa pamwamba.

Chakudya cha mbewu chimayenda bwanji m'nthaka?

Apa ndi pamene pali mutu wa phunziro lathu. Ambiri timaganiza kuti tikathira feteleza paphando ndiye kuti mbewu yadya basi. Sizili choncho. Mbewu siimeza timibulu ta feteleza. Feteleza amayenera asungunuke, kenako michere yake ifike pamuzu. Imafika m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi yotengedwa ndi madzi. Mbewu ikamamwa, madzi amayenda kulowera kumizu atanyamula michere yosungunuka. Nayitrojeni, amene amabiriwitsa masamba, amayenda kwambiri m'njira imeneyi, chimodzimodzinso salufa. Zili ngati matemba obwera ndi madzi osefukira: madzi akayenda, nawo ayenda.

Njira yachiwiri ndi yokwawa pang'onopang'ono. Muzu ukamwa michere imene ili pafupi nawo, ina imasendera kuchokera pamene ilipo yambiri kupita pamene yachepa. Umu ndi mmene amayendera fosiforasi, amene amalimbitsa mizu ndi kukhwimitsa mbewu, komanso potaziyamu. Fosiforasi ndi waulesi zedi: amangosuntha mamilimita ochepa, osafika ngakhale kutalika kwa chala. Kuwonjezera apo, dothi lofiira la katondo, longa limene lili m'madera ambiri a chigawo chapakati, lili ndi dzimbiri la chitsulo lochuluka limene limagwira fosiforasi n'kumukanirira. Choncho fosiforasi sapita kukafuna muzu.

Njira yachitatu ndi yakuti muzu womwewo uyende, ukapeze chakudya kumene chili. Asodzi mukudziwa kuti pali nsomba yobwera yokha kumuuni, ndipo pali ina yofunika kuipalasira bwato. Muzu ukamakula n'kumatulutsa timizu tatsopano, umafika padothi limene silinadyedwe.

Tsono onani zimene chidikhidikhi chimachita pa njira zitatu zonsezi.

Choyamba, chimatsekera mizu m'kadothi kochepa ka mumzere. Mizu ya chimanga pa nthaka yomasuka imatha kutsika kupitirira mita imodzi. Pachidikhidikhi imathera m'masentimita 20 kapena 25 apamwamba. Chakudya ndi chinyezi chonse chimene chili pansi chimakhala ngati chimanga cha m'nkhokwe yopanda khomo. Fosiforasi, amene amadikira kuti muzu umupeze, ndiye amasowa kwambiri. N'chifukwa chake nthawi zina timaona chimanga chaching'ono chokhala ndi masamba ofiirira m'mphepete.

Chachiwiri, mvula ikagwa yambiri madzi amalephera kutsika. Amadikha pamwamba pa chidikhidikhi n'kuthamangitsa mpweya. Mizu imapuma ngati ife, ndipo muzu wobanika sumwa chakudya ngakhale chili pomwepo. Komanso m'dothi lopanda mpweya muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasandutsa nayitrojeni kukhala mpweya, n'kuuluka. M'thumba la Urea la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitrojeni. Munda ukakhala m'madzi masiku angapo mutangothira, gawo lina la ndalama yanu limapita kumwamba inu muli m'tulo.

Chachitatu, madzi olephera kulowa amathamanga. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa pa ekala imodzi, ndi madzi okwana malita pafupifupi 80,000, kapena kuti migolo 400 ya malita 200. Theka lokha litathamanga, ndiye kuti migolo 200 yatuluka m'munda tsiku limodzi, itanyamula dothi la pamwamba, manyowa ndi feteleza. Madzi akatayika saoleka.

Chachinayi, mvula ikadula mbewu imafota msanga chifukwa pansi sipanasungidwe madzi, ndipo mizu siingafike pamene pali chinyezi. Dothi likauma, njira yoyamba ndi yachiwiri zija zimaima, pakuti zonse zimadalira madzi. Tikukumbukira ng'amba ya chaka cha 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Mvula ili m'manja mwa Allah Subhaanahu wa Ta'aala, koma kuti mvula yagwayo ikhale m'munda mwathu kapena ithawe, pamenepo pali gawo lathu.

Chachisanu chikukhudza mtedza, soya, nyemba ndi nandolo. Mbewu zimenezi zimakhala ndi timatuza pamizu, mmene muli tizilombo totenga nayitrojeni mumpweya n'kumupereka kumbewu. Pa nthaka yobanika timatuzati timachepa, ndipo chonde chimene timayembekezera pochita kasinthasintha sichibwera chokwanira.

Kuchokera m'munda kufika m'nyanja

Dothi lokokoloka kumtunda silisowa kopita. Limatsikira m'madambo, kulowa m'mitsinje ngati Rusa, kenako mu Bua. Asodzi a ku Nkhotakota akudziwa kuti mpasa ndi sanjika zimachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje kukaswa, ndipo Bua ndi umodzi mwa mitsinje yofunika kwambiri kwa mpasa. Nsombazi zimaikira mazira pamiyala ing'onoing'ono yoyera pamene madzi akuyenda. Matope akakwirira miyalayo, mazira amasowa mpweya. Pamathiriro a mitsinje napo madzi ofiira amatchinga kuwala kwa dzuwa kumene ndere zodyedwa ndi nsomba zimadalira.

Tisaloze chala a ku Mchinji okha. Minda yathu ya m'zitunda za kufupi ndi nyanja imathira matope mu Linthipe, Dwangwa, Kaombe ndi timitsinje tina, ndipo ulendo wake ndi waufupi. Banja lolima ndi kusodza limaluza kawiri: chonde chachoka m'munda, ndipo chomwecho chakawononga pamene nsomba zimaswera.

Tingadziwe bwanji kuti m'munda mwathu muli chidikhidikhi?

Sipafunika makina ayi. Yesani njira zinayi izi.

1. Patapita tsiku limodzi kapena awiri mvula yabwino itagwa, tengani chitsulo chowongoka chonenepa ngati chala. Chibayeni pamzere pang'onopang'ono. Chikalowa mosavuta kenako n'kukanirira, ndipo mukakankha mwamphamvu n'kulowanso mofewa, pokanirapo ndi pamene pali chidikhidikhi. Yesani malo khumi, chifukwa pena mungagunde mwala kapena muzu wa mtengo. Yesaninso patchire posalimidwa kuti mufananize.

2. Kumbani dzenje lofika m'mawondo modula mzere. Bayani khoma lake ndi mpeni kuyambira pamwamba kutsika pansi. Dzanja lidzakuuzani pamene pauma.

3. Zulani soya, nandolo, therere kapena bonongwe pamene dothi lili lonyowa. Muzu waukulu ukakhala wopindika, china chake chinautchinga.

4. Tengani zitini ziwiri zofanana zoboola mbali zonse. China muzike pang'ono padothi lofewa, china pagawo louma lija mutachotsa dothi la pamwamba. Thiranimo madzi ofanana, muone mmene athere msanga. Ana a kumadrasa amaikonda ntchito imeneyi, ndipo saiwala.

Tichenjezane: si chimanga chachikasu chilichonse chimene chadwala chidikhidikhi. Pali kaufiti, pali mbozi, pali kuchedwa kuthira feteleza, pali nthaka ya asidi wambiri. Kumbani kaye musanagamule, ndipo muitaneni mlangizi wa m'dera lanu adzaone nanu.

Tichitepo chiyani?

Kuswa. Chidikhidikhi chimasweka ndi piki kapena khasu lalitali lolimba, kufika masentimita 30 kuchokera pamwamba pa nthaka yosalazidwa. Nthawi yabwino ndi tikangokolola, cha m'ma May mpaka July, dothi litauma koma lisanafike pouma ngati mwala. Musaswe dothi lonyowa, mudzangolimata. Gumulani, koma musatembenuze dothi la pansi kulibweretsa pamwamba, chifukwa la pansilo chonde chake n'chochepa. Bungwe la Tiyeni, limene linayambira ntchito yake cha ku Mzuzu, limaphunzitsa njira yoswa chidikhidikhi chonchi kenako n'kupanga mabedi otambalala mita imodzi amene sapondedwanso.

Tinene zoona, ntchitoyi ndi yowawa. Musayambe ndi munda wonse. Dulani kachigawo ka mapazi 20 mulitali ndi 20 mulifupi chaka chino, mufananize zokolola zake ndi za mbali inayo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mabanja asanu atagwirizana pambuyo pa Swala ya Jumu'ah n'kugula piki imodzi kapena ziwiri, n'kumalima mwachipere-ganyu munda ndi munda, ntchito imapepuka. Poyamba pakhale pa munda wa mayi wamasiye kapena wa agogo amene alibe mphamvu.

Mayenje. Amene sangathe kuswa paliponse akumbe mayenje obzalamo opyola chidikhidikhi, athiremo manyowa owola bwino osakaniza ndi dothi la pamwamba. Chaka chamawa abzale m'mayenje omwewo.

Kudyetsa nthaka. Kuswa kokha sikukwana. Dothi lopanda zowolerana limabwereranso mwakale pakangopita nyengo zochepa. Thirani manyowa a khola kapena kompositi, phimbirani ndi mapesi ndi masangwi a mtedza, ndipo moto usalowe m'munda. Nyongolotsi zikabwerera zimalima usiku ndi usana popanda malipiro.

Mizu yoboola. Nandolo ali ndi muzu wamphamvu wotsika pansi kwambiri. Ukawola umasiya kanjira kamene madzi, mpweya ndi mizu ya chimanga zimadzatsata. Nandolo amathanso kumasula fosiforasi wina wogwidwa ndi dothi lofiira, ndipo masamba ake oyoyoka ndi manyowa. Mubzaleni pamodzi ndi chimanga kapena mtedza. Mitengo ya nsangu, gliricidia ndi ombwe imagwiranso ntchito yomweyo. Koma nandolo amakhwima mochedwa, nthawi imene mbuzi zamasulidwa, choncho nkhaniyi ikakambidwe kwa a mfumu kuti mudzi ugwirizane.

Kuchepetsa kuponda. Sankhani njira zoyendamo m'munda ndipo zikhale zomwezo. Ngolo iime m'mphepete. Musalowe kukapalira kapena kubandira dothi likadali lomata kukhasu.

Kugwira madzi. Pamalo otsetsereka ikani akalozera, mubzalepo udzu wa vetiva, mizere itsate akalozerawo, ndipo m'makwawa muike mabokosi. Madzi akaima amapeza nthawi yolowa. Koma ngati pansi simunaswe ndipo mvula yachuluka, mabokosi amadikhitsa madzi, ndiye ziwirizi ziyendere limodzi.

Kathiridwe ka feteleza. Popeza fosiforasi sayenda, feteleza wokulitsa alowe m'kadzenje pafupi ndi phando, motalikira ngati kutalika kwa chala, pobzala kapena mbewu ikangomera. Wobereketsa nayenso akwiriridwe. Urea wongomwaza pamwamba padothi lotentha amauluka, ndipo mvula yamphamvu imamukokolola. Musathire m'munda muli madzi odikha.

Chenjezo kwa a kunyanja

Si paliponse pofunika piki. M'munda wa mpunga, ngati ya m'masikimu a ku Nkhotakota ndi Salima, gawo louma la pansi ndi limene limasunga madzi. Mukaliswa madzi adzathawira pansi, mpunga n'kuuma. Dothi lakuda la makande limang'ambika lokha m'chilimwe, ndipo chimene limafuna kwambiri ndi ngalande ndi kusapondedwa lili lonyowa. Pamchenga woyera wa kugombe vuto lalikulu ndi lakuti madzi amapitirira msanga atatenga nayitrojeni, ndiye pamafunika manyowa ambiri ndi kuthira feteleza pang'onopang'ono kawiri kapena katatu. Koma dothi la mchenga wosakanikirana ndi katondo, limene lili m'minda yambiri ya chimanga ndi chinangwa, limachita chidikhidikhi ndithu. Mwina ena mwaonapo chinangwa chobereka mitsitsi yaifupi yoyenda pamwamba.

Nthaka ndi amaanah

Abale okondedwa, munda umene tikulima sitinaulenge. Tinaupeza, ndipo tidzausiya. Chisilamu chimatiphunzitsa kuti munthu ndi khalifa, wosungitsidwa dziko, ndipo adzafunsidwa za chimene anasungitsidwa. Chimatiletsanso israaf, kumwaza chuma mosasamala. Kuthira feteleza wangongole pa nthaka yotseka, mvula n'kukamutaya mumtsinje, ife tikudziwa chochita, kodi si kumwaza kumeneko? Tikumbukirenso kuti Zakaat ya zokolola zimene zafika pa mlingo wake ndi gawo limodzi mwa magawo 10 pa mbewu ya mvula, ndi limodzi mwa magawo 20 pa mbewu yothirira movutikira. Munda ukabereka, osauka a pamudzi ali ndi gawo lawo mmenemo. Ukakanika, nawonso amagona ndi njala. Tawakkul yeniyeni ndi kugwira piki kenako n'kuyadzamira kwa Allah.

M'bale wathu wa kwa Dambe uja tinamusiya atakhoma zikhomo zinayi pakona ya munda wake, pamene ati adzayambire kuswa akakolola. Anatiuza kuti thumba la feteleza la chaka chamawa sadzalithira asanaone kuti chitsulo chikulowa mpaka pati. Allah amupatse mphamvu ndi zokolola za madalitso.

Mafunso okambirana pabanja kapena pagulu

1. Kodi munda wathu wakhala ukulimidwa mizere kwa zaka zingati osagalauzidwa mozama?
2. Mvula yamphamvu ikagwa, madzi a m'munda mwathu amalowera kuti, ndipo amakhala a mtundu wanji?
3. Mwa michere iwiri, nayitrojeni ndi fosiforasi, ndi uti umene umayenda ndi madzi, nanga ndi uti umene umadikira muzu? Zimenezi zikutiuza chiyani pa kathiridwe ka feteleza?
4. Ndi mabanja ati pamzikiti pathu amene tingagwirizane nawo kuti tiyambe kachigawo koyeserera chaka chino?

Amene muyese njira ya chitsulo ija, lembani masentimita amene mwapeza ndi mtundu wa dothi lanu, mupereke kwa amene amakubweretserani kalatayi. Insha Allah tidzaika pamodzi zimene mwapeza kuti tione mmene minda ya m'mbali mwa nyanja ilili.